Ndatsutsa wilu ya bambo anga kukhoti, nanga maloya awalipira ndani?

Aphungu,

Tsamba lanuli ndakhala ndikuwerenga kwa zaka zambiri, ndipo ndinkawaseka anthu okulemberani. Ndinkati kodi amenewa alibe abale owauza mavuto awo? Lero ndine ndagwira cholembera. Abale ndili nawo, koma ndi omwewo ndikukumana nawo kukhoti.

Ndine bambo wa zaka 44, ntchito yanga ndi yokonza mafiriji. Ndinaiphunzira kwa malemu bambo anga, amene anthu ankawatcha a Chisanu poti chilichonse chomwe agwira chinkayamba kuzizira. Shopu yawo ili kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wina wosoka makatani. Ndi chipinda chimodzi chachitali, chokhala ndi benchi yathabwa yoda ndi mafuta, masilinda a gasi omangirira tcheni kukhoma, ndipo panja mafiriji akufa ankandandalika ngati odwala pamzere wa kuchipatala. Ndinalowa m'shopumo ndili ndi zaka 19, ndinatulukamo ndili ndi 38. Nthawi yonseyo malipiro a pamwezi sindinawaone. Ikafunika ya lendi kapena fizi ya ana ndinkachita kupempha, iwo n'kupisa dzanja m'thumba la ovolosi. Ndikadandaula ankati, "Ndikulipire pa chinthu chako chomwe? Shopuyi ndi yako, ine ndikungokusungira." Mawu amenewo ndinawamva kosawerengeka, ngakhale wowotcherera uja akhoza kuikira umboni.

Mayi anga ondibereka anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anakwatiranso, ndipo ndinene zoona, mayi ondipezawo sanandizunzepo. Ankandichapira, ankandigoneka kuchipatala ndikadwala. Anabereka mwana mmodzi, mlongo wanga, amene pano ndi mphunzitsi. Mpaka lero, ngakhale pakhonde la khoti, amandiitanabe kuti achimwene.

Bambo anatisiya zaka zitatu zapitazo. Sitiroko inawagwira kawiri, yoyamba inangowalemetsa dzanja ndi mwendo wamanzere, yachiwiri ndiyo inawatenga. Patatha mwezi loya wawo anatiitana kuti atiwerengere wilu. Nyumba anapatsa mayi ondipeza. Shopu ndi malo ake anapatsa mlongo wanga, ati aziichititsa lendi kuti ndalama yake izisamalira mayi ake. Mlongo wangayo ndi yemwenso anamusankha kukhala woyang'anira chuma chonsecho. Ine anandisiyira bokosi la zida ndi pikapu yakale yomwe inali itakhala pamiyala chaka chachiwiri, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Aphungu, ndinatuluka mu ofesimo osatsanzika munthu. Masitepe ndinatsika osawaona.

Sabata yomweyo amalume anga, mchimwene wa malemu mayi anga, anabwera kunyumba. Anati, "Mphwanga, mlongo wanga anasenza njerwa za nyumba imeneyo ali ndi mimba yako. Lero adye ndi obwera, iwe upatsidwe khola la nkhuku? Uli ndi magazi m'thupimo kapena madzi?" Iwo ndi amene anandiperekeza kwa loya. Ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala, ndipo ndikukumbuka kuti makina oziziritsa m'chipindamo ankadontha madzi m'chidebe, ine mumtima n'kumati paipi yatsekeka imeneyo. Ndinafunsa za malipiro, poti ndine munthu wodya za tsiku lomwelo. Loya anati, "Milandu ya chuma cha masiye, nthawi zambiri ndalama zimachokera pa chuma chomwecho. Inu mungoyambapo ndi kangachepe." Amalume anandigunda ndi chigongono, "Wamva? Akulipirira ndi bambo ako omwe." Ndinasaina chipepala cha masamba atatu chomwe sindinachiwerenge, ndipo kope lake ndilibe.

Tinakasuma kuti wiluyo ndi yosavomerezeka, poti bambo anailemba sitiroko yoyamba itawagwira kale, mutu sunkagwira, ndipo mayi ndi mwana wawo anachita kuwakakamiza. Tinatenganso chiletso kuti shopu isagulitsidwe kapena kuchititsidwa lendi mpaka mlandu utatha. Anaikapo loko wamkulu.

Pano zatha zaka ziwiri ndi theka. Timapita kukhoti, kukhala pabenchi kuyambira m'mawa, kenako n'kumva kuti woweruza ali ku msonkhano, kapena failo sikuoneka, kapena loya wa mbali inayo wadwala. Koma tikangobwerera, kalata ya loya wanga yofuna ndalama siichedwa. Kangachepe kaja kanabereka ana ndi zidzukulu. Ndinagulitsa njinga yamoto yomwe ndinkayendera kwa makasitomala. Ndinagulitsa pampu yanga yokokera mpweya m'mapaipi, moti pano ndimachita kubwereka kwa anzanga omwe ndinawaphunzitsa ntchito ndine. Mkazi wanga amagulitsa nsapato, ndipo mpamba wake ndinaudya kawiri. Mwezi wa dzana anatenga ana n'kupita kwa mkulu wake. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo a ana, mukumenyana ndi munthu wakufa. Iye sakumva kuwawa, tikumva ndife."

Shopu nayo yatha. Akuba anabowola denga n'kusolola waya ndi mapaipi a kopa m'mafiriji onse, kuphatikizapo a makasitomala omwe anatsekeredwa momwemo. Mvula ikulowera pabowolo. Ndinasuzumira pazenera tsiku lina, benchi ija yamera nkhungu, ndipo chitseko chayamba kudyeka ndi dzimbiri chakumunsi.

Mayi ondipeza ali ndi matenda a shuga, chaka chatha anawadula mwendo. Lendi yomwe bambo anati iziwasamalira kulibe, chifukwa cha loko wanga uja. Ndikumva kuti mlongo wanga akuphunzitsa ana a eni mpaka Loweruka kuti apeze ya mankhwala ndi ya loya wake. Ulendo wapitawu anabwera nawo kukhoti pa njinga ya olumala. Ndinayesa kuzemba koma khondelo ndi lopapatiza. Mayiwo anandigwira malaya n'kundiyang'ana, amvekere, "Mwanawe, koma ukudya? Waondatu." Akanakhala kuti ananditukwana bwenzi ndili bwino.

Tsiku lomwelo zinthu zinatembenuka. Mbali inayo ndiyo inayamba kubweretsa mboni. Dokotala amene ankawaona bambo ananena kuti anawayeza sabata yomwe analemba wiluyo, thupi linali lofooka mbali imodzi koma nzeru zinali zonse. Kalaliki wa loya wa bambo ananena kuti mdalayo anabwera yekha pa takisi, anatsutsa loya pa muyezo wa malo a shopu ndipo anapezeka kuti wolondola ndi iye, kenako potuluka anawauza chomwe chinkavuta pa kafiriji ka mu ofesi mwawo atangokamvetsera kulira kwake. Anthu m'khotimo anaseka. Woweruza sanaseke, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Titatuluka loya wanga anandikokera pambali. Anati, "Tiyenera kukonzeka. Tikagonja, khoti likhoza kunena kuti mulipirenso ndalama zomwe mbali inayo yawononga." Ndinati, "Si paja munati zichokera pa chuma cha malemu?" Iye anati, "Ndinati nthawi zambiri. Sindinati nthawi zonse."

Tsopano pali chinthu chomwe loya wanga sadziwa, amalume sadziwa, ndipo ndikuchinena koyamba kwa inu poti simundiona nkhope. M'shopu muja sindinachoke bwino. Mwini butchala ina anagula makompuresa awiri atsopano, mainjini oziziritsa aja, kuti timuikire m'chipinda chake chozizira. Ine ndinagulitsa atsopanowo n'kuikamo akale omwe ndinangowapaka penti. Nthawi imeneyo ndinkamwa. Patatha masabata atatu anapsa, nyama yonse inaola, bambo analipira okha. Ananditchula wakuba pamaso pa wowotcherera ndi mayi wa makatani. Ine ndinawakankha, anagwera pa masilinda, anatemeka pachipumi. Ndinatola chipewa changa n'kumapita, ndipo sindinapepese mpaka anawaika m'manda.

Komanso miyezi ingapo sitiroko yoyamba itawagwira, anabwera pakhonde la sitolo pomwe ndimagwirira ntchito, akukoka mwendo. Anakhala pa firiji yogonetsa n'kunena kuti, "Ndalemba wilu. Zida ndakupatsa poti manja uli nawo. Shopu sindikupatsa, ungaigulitse mayi ako ali moyo. Ndati umve kwa ine, usadzamve kwa loya." Ndinapitiriza kumanga nati ya paipi ngati sindikumva. Anakhala pang'ono, n'kundiuza kuti ndamangitsa kwambiri ndithyola paipi, kenako ananyamuka. Aphungu, munthu ameneyo mutu unkagwira kuposa wanga. Koma m'chikalata chomwe ndinalumbirira ndinalembetsa kuti miyezi imeneyo sankazindikira ngakhale ana ake. Mwezi wamawa ndi nthawi yanga yoima m'bokosi la mboni.

Sabata yatha kwabwera kalata kuchokera kwa loya wa mlongo wanga. Akuti ndikausiya mlanduwu, mlongo wanga andilola kugwirira ntchito m'shopumo ndikulipira theka la lendi, ndipo aliyense alipire loya wake. Andipatsa masiku 21. Pamwamba pake alemba kuti ndikakana, kalatayo idzaonetsedwa kwa woweruza pa nthawi yogamula za ndalama zomwe zawonongedwa pa mlandu. Amalume akuti, "Waona? Ayamba kunjenjemera. Munthu wopambana sanyengerera. Limba, mphwanga." Chiyambire mlanduwu amalumewo sanaperekepo ngakhale ya basi.

Ndithandizeni. Kodi pa mlandu ngati uwu maloya amawalipira ndani kwenikweni? N'zoona kuti zimachokera pa chuma cha malemu, kapena ndinanamizidwa? Ndikagonja adzanditengera chiyani, poti chomwe chatsala ndi bedi ndi bokosi la zida? Ndikausiya, ndalama zonse ndatayazi zapita basi? Nanga zaka 19 zomwe ndinagwira popanda malipiro, zija ankati shopu ndi yako, zilibe kanthu pamaso pa lamulo? Ndinalakwa, sindikukana, koma thukuta langa lili m'makoma amenewo.

Ine wothedwa nzeru,
L.B.K., wokonza mafiriji

A L.B.K.,

Mwafunsa mosabisa, nanenso sindikubisirani. Mmene nkhani yanu ilili lero, amene akuoneka kuti adzalipira ndi inu, ndipo mukapanda kusamala mudzalipira maloya awiri, wanu ndi wa mlongo wanu.

Ine sindine loya. Kalata yanu ndinakakhala nayo pansi ndi mnzanga amene wathera moyo wake m'makhoti, dzina lanu ndi ntchito yanu nditabisa. Malamulo amasiyana malo ndi malo, ndipo mawu omaliza amakhala a woweruza, choncho zomwe ndinene pano mukazitsimikize kwa loya woona mapepala anu. Koma njira yomwe zinthuzi zimayendera si yachinsinsi.

Pa mlandu pamakhala ngongole ziwiri, ndipo inu munaziphatikiza. Ya loya wanu ndi yanu. Munamulemba ntchito ndinu, munasaina ndinu. Mupambane, mugonje, iye adzagogoda pakhomo panu. Chomwe khoti limachita pamapeto n'kugamula ngati wina akubwezereni gawo la zomwe mwawononga, kapena inu mubwezere wina. Ndipo chizolowezi cha makhoti ambiri n'chakuti wogonja ndiye amasenza gawo lalikulu la zomwe wopambana wawononga. Milandu ya chuma cha masiye siithawa chizolowezi chimenechi chifukwa choti osumiranawo ndi pachibale.

Zomwe loya wanu ananena si bodza lenileni, ndi choonadi chodulidwa mchira. Ilipo nthawi yomwe khoti limati ndalama zichoke pa chuma cha malemu. Zimatero makamaka ngati chisokonezo anachiyambitsa ndi malemuyo, monga kusiya mawilu awiri otsutsana, kapena kulemba mawu oti munthu aliyense akuwamva mwake. Ilipo nthawi inanso yomwe khoti limati aliyense alipire loya wake, ngati panali chifukwa chenicheni chokayikira, choti munthu wanzeru zake akanafuna kuti chifufuzidwe. Wilu yolembedwa ndi munthu amene wadwalapo sitiroko ikhoza kudzutsa chikayiko chotero, n'chifukwa chake mlandu wanu unaloledwa kuyamba. Koma chikayiko chimatha umboni ukabwera. Dokotala wayankhula, kalaliki wayankhula. Kuchokera tsiku limenelo, tsiku lililonse lomwe mukupitiriza likulembedwa pa dzina lanu. Ndipo inu, kusiyana ndi wina aliyense m'khotimo, simunakayikepo n'komwe. Bambo anu anakoka mwendo kudzakuuzani pamaso.

Mlongo wanu ali pena. Woyang'anira chuma akamateteza wilu moona mtima, kawirikawiri amaloledwa kutenga zomwe wawononga pa chumacho, ngakhale khoti limayang'anitsitsa ngati iye yemweyo ndi wopindula. Koma taganizani, chuma cha malemu chomwe amalume anu amachitchula ngati chitsime chosaphwa n'chiyani? Ndi nyumba yomwe mukugona mayi odulidwa mwendo, ndi shopu yodontha. Mawu oti alipira ndi bambo anu tanthauzo lake n'lakuti alipira ndi mayi aja, ndi denga lawo. Ngakhale mukanapambana, mukanalandira chotsala kwa maloya.

Mwafunsa chomwe angakutengereni. Khoti likagamula kuti mulipire, imeneyo imakhala ngongole ngati ina iliyonse. Akhoza kuyambira pa gawo lanu lomwelo, pikapu ndi zomwe bambo anakusiyirani, kenako katundu wina, ndipo ngongole yotero imatha kukutsatani zaka. Malo ena lamulo limateteza bedi ndi zida zogwirira ntchito, mukafunse, koma musamange nyumba pa chiyembekezo chimenecho. Palinso chiletso chija. Wopempha chiletso nthawi zambiri amalonjeza khoti kuti chikadzapezeka kuti chinali chosayenera, adzalipira zomwe mnzake wataya. Lendi ya zaka ziwiri ndi theka, denga, mafiriji a eni. Kafunseni loya wanu ngati munalonjeza zimenezo, poti ndikukayika ngati munawerenga. Walira mvula walira matope, achimwene.

Tsono kalata ya mlongo wanu. Amalume anu akuiwerenga chadodolido. Kalata yotero si kunjenjemera, ndi khomo lotseguka lomwe kuseri kwake kuli msampha. Mukaikana, n'kudzagonja, kapena kupeza zochepa kuposa zomwe anakupatsani, loya wawo adzaitulutsa n'kuuza woweruza kuti taonani, tinamupatsa njira, anakana yekha. Zikatero zonse zowonongedwa kuchokera tsiku limenelo zimagwera inu mopanda chisoni. Mlongo wanu akukupatsani shopu yogwiriramo ntchito, ndipo akusenza yekha loya wake pa mlandu womwe akuoneka kuti apambana. Ine ndalandira makalata ambiri a abale olimbirana chuma, ndipo zotere siziwirikiza.

Mawa lomwe pitani kwa loya wanu, nokha, amalume atsale. Muuzeni za makompuresa, za chipumi, ndi za tsiku lomwe bambo anu anakhala pa firiji paja. Zomwe mumauza loya wanu ndi zachinsinsi, koma akadziwa choonadi saloledwa kukuimikani m'bokosi kuti mukaname. Akakana kukuimikani mudziwe kuti wakupulumutsani. Mufunseni mmene mungakonzere chikalata chomwe munalumbirira chija, chifukwa bodza la pa lumbiro ndi mlandu pawokha, ndipo chilango chake si ndalama zokha.

Pomwepo pemphani kope la chipepala cha masamba atatu chija, ndi ndondomeko yolembedwa ya zonse zomwe wakulipiritsani, tsiku ndi ntchito yake. Ndi ufulu wanu, musachite manyazi ngati mukupempha mchere. Muone ngati munalipira masiku omwe mlandu sunalowe n'komwe. Ngati mukuona kuti zachuluka, m'malo ambiri muli njira yoti khoti kapena bungwe la maloya liunike bilu ya loya. Funsani ku ofesi ya makalaliki a khoti, akulozerani. Ndipo mapepala onsewo mukaonetsenso loya wina, kaya wa mabungwe othandiza anthu osowa, kuti mumve maganizo a munthu amene sapindula mlanduwu ukatalika.

Mlandu musangousiya nokha ngati mukutaya chitsulo chotentha. Wosiya mlandu pakati popanda pangano nthawi zambiri amauzidwa kuti alipire mbali inayo. Muusiye kudzera m'pangano lolembedwa, losainidwa ndi mbali zonse, lovomerezedwa ndi woweruza. Linene momveka kuti aliyense alipira loya wake, kuti chiletso chachotsedwa ndipo sadzakufunsani za zomwe zatayika chifukwa cha icho, kuti mukhala m'shopumo zaka zingati, lendi yake ndi yotani, ndipo denga akonza ndani. Inu mwalawa kale kuwawa kwa lonjezo la pakamwa. Musalawenso kachiwiri.

Za zaka 19 zija, ndakumverani chisoni ndithu. Bambo anu analakwa kukugwiritsani ntchito ndi malonjezo m'malo mwa malipiro, ndipo makolo owerenga tsamba lino amve: mwana wamkulu akamagwira ntchito pa bizinesi yanu mulipireni, kapena lembani chomwe mwamulonjeza. Dandaulo lanu loona linali limenelo. Malo ena lamulo limamvera munthu amene anataya zaka zake chifukwa cholonjezedwa chinthu. Koma inu simunapite nalo limenelo kukhoti, munapita ndi la misala yomwe kunalibe. Pano nthawi yapita, mmene munachokera m'shopumo zidzatuluka, ndipo mlandu watsopano ndi bilu yatsopano. Funsani loya ngati dandaulolo lili ndi mphamvu, koma muligwiritse ntchito pokambirana, mwina lendi itsike kapena zaka zichuluke. Zomwe mwataya kale, njinga, pampu, mpamba wa akazi anu, sizibwerera. Madzi akatayika saoleka. Chomwe mungathe n'kutseka mpopi.

Amalume anu ali ndi chisoni chawo cha mlongo wawo, ndipo sindikuwanyoza. Koma akabweranso ndi mawu oti limba, atulutsireni pepala ndi cholembera, muwapemphe asaine kuti mukagonja adzalipira theka. Muone ngati tiyi amaliza.

Akazi anu auzeni zoona zonse musanapite kwa loya, osati pambuyo. Anaika mpamba wawo pa nkhani yomwe inu munkadziwa kuti ndi yabodza, ayenera kumva kuchokera pakamwa panu. Mwina abwerera, mwina achedwa, izo sindingakulonjezeni. Mayi aja kawaoneni pangano likasainidwa, musanatero zokamba zanu zingasokoneze zokambirana. Musakapite ndi zifukwa. Bambo anu simungawapepesenso, ndipo ndikuganiza kuti mbali ina ya mlanduwu ndi imeneyo: mwakhala mukulipira loya kuti akutsutsireni mawu a munthu amene mumadziwa kuti ananena zoona. Palibe woweruza angakugamulireni zimenezo.

Chenjezo langa ndi ili. Musakongole kwa akatapila kuti mupitirize mlanduwu. Musasamutsire katundu kwa anzanu pofuna kumubisa, makhoti anaziona kale zimenezo ndipo zimangowonjezera moto. Koposa zonse musakaime m'bokosi la mboni ndi bodza lija, chifukwa wowotcherera zitsulo ndi mayi wa makatani ali moyo, ndipo simukudziwa amene anaona bambo anu atakhala pakhonde panu tsiku lija. Masiku 21 amenewo muwawerenge kuyambira tsiku lolembedwa pakalatayo, osati tsiku lomwe munailandira, ndipo sabata imodzi yapita kale. Mukalola tsikulo kudutsa, musadzandilemberenso kufunsa kuti alipira ndani. Mudzakhala mukudziwa.

Aphungu